KUFUNA MAINA A MAKOLO ATHU AMENE ANAGONA

Phunziro la mwezi uno. Werengani Ezara 2:59-63 ndi Mateyu 1:1-17.



Mwezi watha anadza kwa ine mnyamata wina wocokera ku Blantyre, nakhala pakhonde panga, nati, "Aphunzitsi, ndifuna kudziwa caka cimene anafa agogo ao a amai anga, ndi mudzi umene anali kukhala. Ndinapita ku boma, koma dzina lao mulibe m'mabuku." Pomfunsa cifukwa, anandiuza kuti kwao kuli mlandu wa munda, ndipo ena alinkunena kuti mai wakaleyo sanali mbadwa ya pamudzipo.

Pakumva ici ndinakumbukira ana a ansembe aja a m'buku la Ezara. Pobwerera kucokera ku Babulo anafunafuna maina a makolo ao m'mabuku a mibadwo, osawapeza, ndipo anacotsedwa pa nchito ya unsembe. Taonani, abale, dzina lotayika licititsa manyazi ana amene sanalakwe kanthu. Cotero tiyeni tiphunzire njira yofunira maina a akufa athu.

I. Cifukwa cace maina ambiri mulibe ku boma

Musafulumire kunena kuti akalaliki a boma ndi aulesi. Lamulo lolemba obadwa ndi akufa linakhazikika m'dziko muno m'caka ca 1904, koma linakakamiza Azungu ndi Amwenye. Ife eni dziko silinatikakamize. Boma la masiku amenewo linali kuwerenga nyumba zathu cifukwa ca msonkho, koma munthu akafa pamudzi, adzukulu anamuika, mfumu nidziwa, nkhani nithera pomwepo. Ndiponso m'caka ca 1919 moto unatentha maofesi akuru a boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyamba anapsa.

Lamulo latsopano la kalembera linapangidwa m'caka ca 2010, niliyamba kugwira nchito m'caka ca 2015. Kuyambira pamenepo imfa ya munthu ali yense iyenera kulembedwa, ndipo nchitoyi iri m'manja mwa National Registration Bureau, amene ali ndi ofesi pa boma liri lonse. Tsono ngati mbale wanu anafa zaka zapafupizi, funsani pa boma la Neno. Kumbukirani kuti kufikira caka ca 2003 ife tinali pansi pa boma la Mwanza, ndipo pofuna makalata a zaka zimenezo nkwabwino kufunsanso kumeneko. Wofera ku cipatala, monga ca Queen Elizabeth ku Blantyre, mumfunire ku cipatala cimene anafera, si kumene anabadwa iai.

II. Yambani pakhomo panu

Buku loyamba ndilo nkhalamba. Musanataye ndalama za ulendo, khalani pansi ndi eni mbumba, ndi azakhali, ndi amai okalamba amene anasamba maliro, muwafunse mofatsa, kope liri m'manja. Zinthu zofunsa ndi izi.

Coyamba, maina onse a munthuyo. Makolo athu sanali ndi dzina limodzi. Panali la ubwana, lina la pacinamwali, lina la ubatizo, ndi lina limene mwamuna anadzicha yekha popita kukalembedwa nchito. Mkazi anachedwa ndi mfunda wace, monga Naphiri kapena Nabanda, kufikira adzukulu ace anaiwala dzina lace lenileni. Wofuna ndi dzina limodzi lokha adzapitirira gogo wace m'buku osamzindikira.

Caciwiri, caka. Nkhalamba siidzakuuzani nambala, koma idzachula cinthu cacikuru cimene cinaoneka masiku amenewo. Inu ophunzira sandutsani mau ao akhale zaka. Nkhondo ya Chilembwe ndiyo 1915. Nkhondo ya tengatenga ndiyo 1914 kufikira 1918, ndipo cimfine cacikuru cinatsata pomwepo, mu 1918 ndi 1919. Nkhondo yaciwiri ndiyo 1939 kufikira 1945. Njala yaikuru ndiyo 1949. Citaganya cinayamba 1953, ufulu unadza 1964, ndi njala ina inagwa 2002. Funsaninso nyengo, ngati kunali mvula, kapena masika, kapena pokumba kacewere, ndiponso mwana amene anali kumbuyo tsiku la maliro. Pakuti caka cobadwa mwanayo cikadziwika, caka ca maliro cadziwikanso.

Cacitatu, manda. Musalowe kumanda nokha monga mbala. Pemphani kwa mfumu, mupite ndi adzukulu odziwa mitumbira. Pa ciliza mudzapeza dzina ndi caka, koma cenjerani, pakuti ziliza zambiri zinamangidwa patapita zaka, ndipo womanga analemba monga anamuuzira.

III. Mabuku a mpingo

Cimene boma silinalembe, mpingo unalemba. Ansembe a Montfort anatsegula mishoni ya Neno m'caka ca 1906, ndipo a Adventist anayamba ku Matandani m'caka ca 1908. Mwambo wa mamishoni unali kusunga buku la obatizidwa, la maukwati, ndi la akufa. M'buku la ubatizo mumakhala dzina la munthu, la atate ndi amai ace, mudzi wace, ndi tsiku. Ndipo kawiri kawiri wolemba anabwerera pa dzinalo munthuyo atafa, naikapo cizindikiro ndi caka.

Popita kumeneko pitani ndi ulemu, mutayamba mwapempha kwa ansembe kapena abusa, pakuti mabukuwo ndi okalamba, ena anadyedwa ndi ciswe, ndipo saturuka m'nyumba yosungiramo. Dziwaninso kuti mabuku akale a Akatolika analembedwa m'Cilatini. Amene inu mumati Petulo, m'menemo ndi Petrus, ndi Yohane ndi Joannes. Maina a midzi analembedwa monga khutu la mlendo linamvera, cotero muwawerenge mokweza, mudzawazindikira.

Umo ndimo tinacitira ndi mnyamata uja. Tinapita kwa mbale wace wokalamba, mai wosaonanso bwino, natiuza kuti malemuwo anafa caka ca njala, ndi kuti mphunzitsi wa mpingo anawabatiza ali pamphasa, atatsala pang'ono kutsirizika, nawapatsa dzina limene ana ao sanalizolowere konse. Ndi dzina limenelo tinawapeza m'buku la 1949, ndipo pambali pace panali dzina la mudzi womwe uja wa mlandu. Mnyamatayo anaika cala cace pa mzerewo, nakhala cete nthawi yaitali, misozi iri m'maso. Mlandu wa munda uli m'manja mwa mfumu. Koma iye anabwerera ku Blantyre akudziwa kwao.

IV. Amene anafera kutali

Pafupifupi mbumba iri yonse iri ndi machona ace, amuna amene anapita ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, kapena ku migodi ya Johannesburg mwa Wenela, osabweranso. A Wenela anali kulemba munthu ndi nambala, pamodzi ndi mfumu yace ndi boma lace. Cifukwa cace funani m'masutikesi akale. Kapepala kakang'ono ka nambala, kapena kalata imene anatumiza ndi ndalama, nkofunika kuposa mau ambiri. Ena anafa m'njira, monga aja oposa 70 amene ndege yao inagwa ku Francistown mu April 1974 alinkubwerera kwao.

Asilikali a King's African Rifles ali ndi nsanja ya cikumbutso ku Zomba. Koma atengatenga ambiri, amene anasenza akatundu a nkhondo nafa ndi matenda ndi njala m'njira, maina ao sanasungidwe, ndipo awadziwa ndi Mulungu yekha. Ku Zomba komweko kuli nyumba yosungira makalata akale a dziko, National Archives, imene inayamba mu 1947. Kumeneko simudzapeza imfa ya munthu ali yense, koma muli mabuku a mabwana a boma onena za mafumu, midzi, ndi milandu, ndipo angakuthandizeni kudziwa kumene mudzi wanu unacokera.

V. Cenjezo ndi nchito yathu

Mtumwi Paulo anacenjeza Timoteo ndi Tito za mawerengedwe a mibadwo amene angobala makani. Tisafune makolo kuti tidzikuze pa anzathu, kapena kuti tithamangitse mkamwini ndi mlendo. Mateyu polemba mibadwo ya Ambuye wathu sanabise Rahabi ndi Rute, akazi a mitundu ina. Mukapeza kuti gogo wanu anadza kucokera ku Mozambique, kapena anali kapolo wogwidwa pa nkhondo ya Angoni, lembani coonadi, musacite manyazi.

Ndipo tisasiyire adzukulu athu bvuto limene ife talipeza. Maliro akagwa, mutatha kuika, mmodzi wa inu apite kwa mfumu ndi ku boma kukalembetsa imfayo msanga, natenge setifiketi ya imfa. Popanda kalata imeneyi mkazi wamasiye abvutika ku banki ndi pofuna penshoni ya mwamuna wace, ndipo ana amasiye acedwa kulandira cuma cimene lamulo la cuma ca masiye la 2011 liwapatsa. Uzaninso akuru a mpingo kuti alembe m'buku. Ndipo mbumba iri yonse igule kope limodzi, nilembemo maina onse a womwalira, mfunda wace, makolo ace, tsiku limene anafa, ndi manda amene anagona. Kopelo likhale pamodzi ndi Buku Lopatulika, kutali ndi ciswe ndi mvula yodontha.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa pakati pa sabata

1. Cinawagwera nciani ana a ansembe amene sanapeze maina a makolo ao?
2. Cifukwa ninji imfa za makolo athu sizinalembedwe ku boma masiku akale?
3. Kodi mungathe kuchula maina onse a agogo anu anai, ndi kumene anagona?
4. Ndani wamkuru koposa m'mbumba yanu, ndipo mudzapita liti kukamfunsa?

Funso lotsirizali musalicedwetse, abale, pakuti mai wokalamba uja amene anatiuza dzina la ubatizo tamuika sabata latha. Ambuye, amene adziwa ace onse ndi maina ao, akhale nanu.