Za Liu la Chingerezi Lakuti Justify

Ophunzira Chingerezi akomana kawirikawiri ndi liu lakuti justify. Tiyeni tione kumene linachokera, ndi chimene litiphunzitsa.

Tsinde lake ndi Chilatini: justus ndiko kunena wolungama, facere ndiko kuchita. Mau awiriwa polumikizana anabala justificare, limene Jerome analilemba m'Baibulo la Chilatini ngati chaka cha 400. Linalowa m'Chifalansa, ndipo Anormani atagonjetsa England mu 1066, mau ambiri a Chifalansa anawatsata, kotero kuti m'zaka za 1300 Angerezi analinenanso.

Tsono liuli ligwira nchito ziwiri. Pa Aroma 3 wochita ndiye Mulungu, amene ayesa wochimwa wolungama chifukwa cha Kristu. Koma pa Luka 10:29 wochita ndiye munthu, wachilamulo uja wofuna kudzilungamitsa yekha. Nchito yachiwiriyi ndiyo yofala pakamwa pa anthu: kufuna zifukwa zokometsera chimene tachita.

Saulo anatero pa 1 Samueli 15. Atasunga nkhosa ndi ng'ombe zimene Mulungu anati ziphedwe, ananena kuti nza nsembe, nakankhira mlandu kwa anthu ake. Ndipo ufumu unamchokera. Ifenso pamaso pa akulu a mpingo tinena kuti watilakwitsa ndi mowa, kapena njala, kapena mnzathu. Koma mlandu suola, ndipo zifukwa siziufafaniza.

Pa Luka 18 amene anabwerera kwao woyesedwa wolungama ndi wamsonkho wovomera zoipa zake, si Mfarisi wodzitama. Chifukwa chake tivomere zathu, kulungamitsa tikusiyire Mwini wake.