Ana pamafuwa tsiku la Khirisimasi

 Makalata afika ochuluka sabata ino, ndipo popeza ambiri akufunsa za ana ndi chakudya cha Khirisimasi, ndatolapo atatu kuti tiwayankhe mofatsa.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Dowa, amene akuti: "Ndili ndi ana anayi, wamkulu wa zaka 12, chitsirizira wa zaka 3. Ndikayamba kuphika tsiku la Khirisimasi amandiunjirira ngati anapiye, ndipo ine poopa moto ndimawapirikitsa kuti akasewere. Kodi ndikulakwa?"

Mayi, powachotsa pachiwaya cha mafuta simulakwa ayi, pakuti mafuta owira sadziwa mwana wa mfumu. Koma mukawachotsa pantchito yonse, mwawamana gawo la chikondwerero limene akadalikumbukira kufikira imvi, popeza mpunga umene mwana wadya amauiwala mawa lake, pamene mpunga umene anausankha yekha palichero, natayamo timiyala ndi mankhusu, amakausimba kwa anzake sukulu zikatsegulidwa. M'mera mpoyamba, anatero akale. Chifukwa chake gawani ntchito monga mwa msinkhu wa aliyense. Wa zaka 3 uja mumkhazike pamphasa, kutali ndi mafuwa, mumpatse nthochi zakupsa kuti asende ndi kuzifinya m'mbale ndi manja ake, ndipo ngati theka la nthochizo lithera m'kamwa mwake, musamdzudzule, pakuti wantchito aliyense amalawa. Mtedza wathunthu wokha musampatse, chifukwa mwana wosafika zaka 5 amatsamwa nawo msanga. Apakatiwo aswe mtedza, atayemo wachuku, asinje nsinjiro mumtondo, asadzule nkhwani ndi kutsuka tomato. Wamkuluyo ndiye wafika posonkha moto, pososola nkhuku nthenga ndi pothira madzi mumpunga mwa muyeso, inu muli chiimire pambali pake.

Ndiwonjezepo mawu amene mayiyu sanafunse. M'kalatamo sananene ngati anawo ndi anyamata kapena atsikana, ndipo ine ndakondwera nazo, chifukwa mnyamata amene amakula akumva kuti mthiko ndi wa mlongo wake, tsiku lina adzapezeka yekha m'chipinda cha lendi ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, ufa uli pomwepo, iye nkugona ndi njala.

Tsono pali zinthu ziwiri zimene sindizinena mwanthabwala. Choyamba ndi manja. Khirisimasi ya kwathu kuno imagwa mvula ili pakati, nthawi imene zitsime zimadetsedwa ndipo matenda otsegula m'mimba amayenda khomo ndi khomo. Ndipo ife amene tinaona kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inatenga miyoyo yoposa 1,700 m'Malawi muno, sitiyenera kuchita kukumbutsidwa kawiri. Mwana asanakhudze chakudya asambe m'manja ndi sopo, madzi akuchita kumthirira kuchokera m'chikho, osati onse kuviika manja m'beseni limodzi monga tinazolowera. Chachiwiri ndi moto. Likagwa tsoka mwana napsa, thirani madzi oyera ozizira pamalopo kwa mphindi 20, osapakapo dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano, ndipo ngati bala ndi lalikulu kapena lili kumaso, thamangani naye kuchipatala.

Kalata yachiwiri alemba bambo wina wa ku Ndirande: "Chaka chino m'thumba mwauma. Ana akulirira mabisiketi ndi zakumwa za m'mabotolo monga kwa anansi athu. Ndiwauze chiyani kuti asadzione ngati amasiye?"

Bambo, nkhawa yanu ndaimva, ndipo dziwani kuti simuli nokha, pakuti mwezi wa Disembala ndiwo umene nkhokwe zimayamba kuonetsa pansi, ndalama zapita ku feteleza, ndipo fizi ya sukulu ikusuzumira kale pakhomo. Koma ndinene mosabisa kuti kuwauza mawu okha sikudzathandiza; mwana salalikidwa ali ndi njala ya m'maso. Apatseni chochita. Gulani nthochi zimene zapsa kwambiri, zija ogulitsa amatsitsa mtengo dzuwa likapendeka, ana azifinye, athiremo ufa wamgaiwa, kamchere ndi kasoda pang'ono, ndipo aliyense aumbe zitumbuwa zake m'maonekedwe amene mtima wake wafuna, wina nsomba, wina nyenyezi, wina kang'ombe kosadziwika mutu ndi mchira. Kenaka amayi awo kapena inu nomwe, pakuti dzanja la bambo silipsa mosiyana ndi la mayi, mukazinge iwo akuonerera chapatali. Ngati mafuta avuta, phala lomwelo likhoza kukhala chigumu: thirani mumphika wopaka timafuta, vundikirani, ikani makala ena pansi ena pachivundikiro, ndipo fungo lake lokha lidzaitana ana a anansi anu aja kusiya mabisiketi awo. Akabwera musawabweze, mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kunena za chakumwa, malambe kapena bwemba woviika m'madzi owiritsa amene azizira, wosefa bwino ndi kuthira shuga pang'ono, amaposa zambiri za m'mabotolo, zimene kawirikawiri ndi madzi, shuga ndi utoto basi. Mango nawo ndi nyengo yake ino. Ndipo ngati mufuna kuti chikondwerero chiyambe msanga, phikani thobwa kutatsala tsiku limodzi kapena awiri: ana asinje chimera cha mawere, aone mmene phala lolimba limasungunukira chimeracho chikathiridwa, nalawe mmene lasandukira lotsekemera popanda wothiramo shuga, chinthu chimene kwa mwana chili ngati chozizwitsa. Musalisunge masiku ambiri, chifukwa thobwa likasasa layamba ulendo wopita ku mowa, ndipo silikhalanso la ana.

Pamene mugawa nkhuku, ngati Mulungu wakupatsani imodzi, ndikupemphani kanthu kena. Mwambo unapereka nthutumba kwa bambo, zipalapasiro ndi mutu kwa ana. Nthutumbayo sindikulandani, koma mnofu upite kwa amene matupi awo akukula.

Yotsiriza ndi ya agogo ena a ku Mchinji, ndipo ndi yaifupi: "Adzukulu anga abwera kutchuthi kuchokera m'tauni, ndipo akufuna kukazula bowa kuthengo. Ndiwalole?"

Agogo, apite nanu limodzi, kapena asapite konse. Inu utale mumaudziwa chifukwa mwauzula zaka zambirimbiri, koma mwana wa m'tauni bowa aliyense woyera amamuona ngati ndiwo, pamene wina wapoizoni amafanana ndi wodyedwa ngati mapasa, ndipo poizoni wake satha ngakhale muwiritse tsiku lonse. Musakhulupirirenso zija amati bowa amene tizilombo tadyako ndi wabwino kwa munthu. Chimene ana angachite mwaufulu ndicho kutola ngumbi mvula ikagwa madzulo, nyali ili pabwalo ndi beseni la madzi pansi pake, nsapato zili kuphazi chifukwa njoka nazo zimayenda nyengo ino. Ndipo m'mawa mwake muwaphunzitse kuzikazinga, kuziyanika ndi kupeta mapiko palichero.

Nthawi yathu yatha. Makalata amene atsala tidzawawerenga sabata yamawa, ndipo mayi wa ku Dowa, mudzatilembere kutiuza kuti nthochi zimene zinafika m'chiwaya zinali zingati.