Kodi Mowa Umateteza ku Khansa? Tiyeni Tiwerengetse

Mwina munaionapo nkhani iyi pa Facebook kapena pa WhatsApp: "Asayansi apeza kuti mowa umapha khansa." Ena amangoseka, ena amakhulupirira. Lero tiyeni tiione ngati mmene timachitira mu labu. Tiyamba ndi zimene zinapezekadi, kenako tigwira cholembera n'kuwerengetsa.

Mowa wa m'mabotolo amaufulula ndi balere, madzi, yisiti ndi maluwa a chomera choyanga chotchedwa hops. Maluwa amenewa ndi amene amaupatsa kakuwawa kaja. Masese ndi kachasu mulibe hops ayi. M'maluwawo muli kemikolo yotchedwa xanthohumol, ndipo nkhani yonseyi yagona pamenepo.

Mu 1999, asayansi a pa Oregon State University ku America anathira xanthohumol pa maselo a khansa ya m'mawere, ya m'matumbo ndi ya m'thumba la mazira. Maselowo anachepetsa kuchulukana. Mu 2002 ofufuza za khansa ku Heidelberg, ku Germany, anapezanso kuti kemikoloyi imasokoneza njira zingapo zimene khansa imayambira. Zimenezi ndi zoona. Koma taonani komwe maselowo anali: m'timbale tagalasi, osati m'thupi la munthu. M'kambale, kemikolo imagwera pa selo mwachindunji. M'thupi imayenera kudutsa m'mimba, m'matumbo ndi m'chiwindi, ndipo yambiri imasinthidwa isanafike kulikonse.

Tsopano masamu. Pofulula mowa amawiritsa hops, ndipo kutentha kumasandutsa xanthohumol wambiri kukhala kemikolo ina. Wotsala mu mowa nthawi zambiri sapitirira 0.2 mg pa lita imodzi. Pa kafukufuku wina wa ku America amene anatuluka mu 2021, anthu athanzi ankamwa 24 mg patsiku, ndipo cholinga chinali kungoona ngati mlingo umenewu ndi wosavulaza. Nanga kuti mupeze 24 mg kuchokera mu mowa, mungamwe wochuluka bwanji?

24 ÷ 0.2 = malita 120

Botolo limodzi ndi 330 ml, ndiye kuti mabotolo oposa 360 tsiku limodzi! Munthu angafe asanamalize ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi.

Vuto lina ndi ili: mu mowa muli ethanol. Thupi limasintha ethanol kukhala acetaldehyde, kemikolo imene imawononga DNA. Mu 1988 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika zakumwa zoledzeretsa mu Gulu 1, gulu la zinthu zimene zatsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Fodya alinso momwemo. Mowa umawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'kamwa, ya pakhosi, ya kummero, ya chiwindi, ya m'matumbo ndi ya m'mawere. Kuno ku Malawi nkhaniyi si yamasewera, chifukwa tili m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri.

Ndiye kafukufuku uja n'ngopanda ntchito? Ayi ndithu. Mankhwala ena a khansa anachokeradi ku zomera. Vincristine, amene amathandiza ana odwala khansa ya m'magazi, amachokera ku duwa la ku Madagascar. Xanthohumol akadzapambana mayeso onse, adzabwera ngati mankhwala oyezedwa mlingo kuchipatala, osati ku bala.

Mukadzaonanso mutu wakuti "chakutichakuti chimapha khansa", funsani mafunso atatu. Anayesa pa chiyani: maselo, mbewa kapena anthu? Anagwiritsa ntchito mlingo wanji? Nanga m'chinthucho mulinso chiyani china?

Ntchito yanu: mowa wina uli ndi 0.1 mg pa lita. Pangafunike mabotolo angati a 330 ml kuti mupeze 24 mg? Osaiwala kulemba mayunitsi.