Chifuwa Chosatha: Kodi Gwero Lake ndi Mapapo Kapena Mimba?

Alimi anzathu a kuno ku Zemba ndi inu amene munatsiriza kale maphunziro, ambiri a ife tikatsokomola timangoti ndi fumbi la chimanga kapena utsi wa kukhitchini. Timagula mankhwala a chifuwa pagolosale, botolo limatha, koma chifuwa osachoka. Ndalama zimapita, ndipo ntchito ya kumunda imatsalira. M'phunziro lino tiona chifuwa china chimene gwero lake ndi m'mimba.

Tiyambe ndi ng'ombe, popeza timaidziwa bwino. Ng'ombe ikabzikula sipsa kummero, chifukwa chakudyacho chimachokera m'chifu choyamba, mmene mulibe asidi wamphamvu. Munthu sanalengedwe chotero. Chifu chathu n'chimodzi, ndipo chili ndi asidi wamphamvu wogaya chakudya. Pamene njira ya chakudya imalowera m'chifu pali mnofu umene umatseka ngati chipata cha khola. Chipatachi chikafooka, asidi amakwera, ndipo timamva chilungulira. Asidiyo akakhudza mitsempha ya m'njira ya chakudya, kapena akafika kukhosi, thupi limayankha ndi kutsokomola. Ena chifuwachi chimawagwira ngakhale samva chilungulira n'komwe.

Chifuwa chotere kawirikawiri chimakhala chouma. Chimakula munthu akangodya, akawerama kapena akagona. Mawu amasasa m'mawa, m'kamwa mumamveka zowawasa, ndipo munthu amangokhalira kukonza kukhosi. Tiganizire moyo wathu: timadya nsima yambiri masana n'kubwerera kukawerama ndi khasu, madzulo timadya mochedwa n'kudziponya pamphasa nthawi yomweyo.

Komabe tisathamangire kunena kuti ndi asidi. Achipatala amati chifuwa n'chokhalitsa chikapyola masabata 8 mwa munthu wamkulu, koma kuno ku Zambia tisadikire mpaka pamenepo. Chifuwa chikafika masabata 2, tipite tikapimitse makhololo kuti tidziwe ngati si chifuwa chachikulu cha TB. Kupima ndi mankhwala ake n'zaulere m'zipatala za boma, ndipo ambiri amachira akamwa mankhwala miyezi 6 mosadumphitsa. Munthu amene ali ndi TB koma akuiyesa chilungulira amapatsira ana ake omwe m'nyumba.

TB ikapanda kupezeka, dokotala amafufuza zina: mphumu, mamina otsikira kukhosi, fodya, utsi ndi fumbi. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, monga enalapril ndi captopril, nawonso amayambitsa chifuwa chouma. Tisawasiye patokha; timuuze dokotala kuti awasinthe. Kuchipatala cha boma ku Chadiza kapena ku Chipata angafune kujambula pachifuwa. Zonsezi zikachoka pamndandanda, dokotala angapereke mankhwala ochepetsa asidi, monga omeprazole, kwa masabata pafupifupi 8, n'kuona ngati chifuwa chikuchepa. Amathandiza makamaka amene amamvanso chilungulira. Chifuwa chikapitirira, tibwerere, tisangowonjezera mapiritsi.

Pali zimene tingachite pakhomo popanda kulipira ngwee. Tidye chakudya chamadzulo kutatsala maola 3 kuti tigone. Tidye pang'ono tisanapite kukapalira, chakudya chachikulu tidye ntchito yowerama itatha. Tikweze kumutu kwa bedi ndi njerwa, masentimita 15 mpaka 20. Kuunjika mapilo sikuthandiza chifukwa kumapinda mimba. Kugonera kumanzere kumathandizanso. Tisiye fodya ndi kachasu, tichepetse zokazinga ndi tsabola ngati taona kuti zimatiutsira vutoli. Tisazolowere kumwa soda wosungunula m'madzi: amaziziritsa kwa kanthawi, koma ali ndi mchere wambiri woipira odwala BP. Aspirin, ibuprofen ndi diclofenac, amene timamwa msana ukamapweteka, amawononga chifu akachuluka.

Zizindikiro zina sizifuna kudikira: magazi m'makhololo kapena m'masanzi, kuonda, kutuluka thukuta usiku, kubanika, ndiponso chakudya kuima pakhosi pomeza. Chotsirizachi chingakhale chizindikiro cha khansa ya kummero, imene ndi yofala m'chigawo chino cha Africa, makamaka kwa anansi athu a ku Malawi. Ameneyo atumizidwe msanga kuchipatala chachikulu kuti akamuone m'kati ndi kachipangizo kolowetsa pakhosi.

Pano timaphunzitsana kuti masamba a chimanga akachita chikasu, mlimi wanzeru sathira feteleza asanafukule pamizu. Thupi limene Mulungu anatipatsa lifunika chisamaliro chomwecho. Sabata ino, aliyense amene akutsokomola alembe m'kope lake la zaulimi tsiku limene chifuwa chinayamba, nthawi imene chimakula ndi zimene anadya. Kopelo alitenge popita kuchipatala. Ndipo pamsonkhano wa gulu lathu tifunsane: ndani pakati pathu, kapena m'mudzi mwathu, watsokomola kupyola masabata 2 osapimidwa, ndipo ndani amuperekeza?