Kuphunzitsa Mtsutso: Mkangano wa Msonkho ku America

Kuti ana a Giredi 7 aphunzire kutsutsana mwaulemu, apatseni nkhani imene mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomveka. Mkangano wa msonkho pakati pa Britain ndi madera ake 13 a ku America ndi nkhani yotere. Yambani mwaidziwa bwino inu eni.

Zoyenera kudziwa

Nkhondo yolimbana ndi France itatha mu 1763, boma la Britain linatsala ndi ngongole yaikulu. Mu 1765 Nyumba ya Malamulo ya ku London inalamula kuti manyuzipepala ndi zikalata za milandu ku America zikhale ndi cidindo colipira. Anthu ananyanyala kugula katundu wa ku Britain, ndipo lamulolo linafafanizidwa mu 1766. Mu 1767 kunabweranso msonkho wa magalasi, utoto, mapepala ndi tiyi. Mu 1770 misonkho inayo inacotsedwa, koma wa tiyi unatsala. Pa 16 Disembala 1773 anthu a ku Boston anakwera zombo zitatu nataya mabokosi 342 a tiyi m'madzi. Britain inatseka doko la Boston mu 1774, nkhondo inabuka mu 1775, ndipo maderawo analengeza ufulu wao pa 4 Julaye 1776.

Phata la nkhani ndi ili: lamulo la 1773 linatsitsa mtengo wa tiyi, komabe anthu anamtaya. Comwe anakana ndi kudulidwa msonkho ndi Nyumba ya Malamulo imene munalibe phungu wosankhidwa ndi iwo.

Cenjezo

Ana akamva mau akuti ufulu adzaganiza za 1964. Afotokozereni kuti okana msonkhowo anali atsamunda ocokera ku Ulaya. Eni nthaka ndi akapolo acikuda sanamasulidwe ndi ufulu wa 1776.

Kaphunzitsidwe

1. Lembani pa bolodi mau awa: msonkho, ngongole, phungu, kunyanyala. Ana awagwiritse nchito m'ziganizo.
2. Simbani nkhaniyo kawiri, pang'onopang'ono.
3. Perekani mutu wa mtsutso: "Anthu a ku Boston analakwa potaya tiyi."
4. Gawani ana m'magulu awiri. Ovomera anganene kuti asilikali a Britain anawateteza pa nkhondo, ndiponso kuti tiyiyo anali ndi mwini, kampani ya East India. Okana anganene kuti wolipira msonkho ayenera kukhala ndi liu pa kadulidwe kake.
5. Mwana aliyense abwereze mfundo ya mnzake asanaitsutse.

Musaulule mbali imene inu mukukonda, cifukwa ana adzangotsata mphunzitsi osaganiza okha. Popereka malikisi, yang'anani kulongosoka kwa mfundo ndi ulemu wa wolankhula, osati kukweza mau.

Nchito

Konzani mafunso asanu oyesa ngati ana amvetsa kusiyana kwa kudandaula kukula kwa msonkho ndi kukana ulamuliro wa woudula.