Mbale Akabwerera Kumudzi: Zoyenera Kumuuza Mvula Isanagwe

M'midzi yathu tikulandira abale ochokera m'tauni. Ena apuma pantchito, ena ntchito yawathera, enanso lendi yawakulira. Ambiri anachoka ali achinyamata ndipo khasu analiiwala. Kuwaphera nkhuku n'kwabwino, koma nkhukuyo siwaolotsa mwezi wa Febuluwale.

Choyamba kumuuza mbale wotere n'chakuti kumudzi malipiro amabwera kamodzi pachaka. Munthu wozolowera kulandira pakutha pa mwezi akaona matumba a chimanga m'nyumba mu Meyi amayesa ndalama. Amagulitsa kwa mavenda mtengo uli pansi, ndipo pofika Januwale amagula chimanga chomwecho modula, uku akupalira minda ya eni, wake uli thengo. Khalani naye pansi, muwerengere limodzi matumba amene banja lake lingadye pamwezi, muchulukitse ndi 12. Amenewo asakhudzidwe, ngakhale venda atagogoda kangati.

Kusunga nako n'luso. Chimanga chiume mpaka njere izithetheka poiluma. Akatero achithire mankhwala monga Actellic, kapena achiike m'matumba a PICS, amene amapha nankafumbwe pomutsekera mpweya popanda mankhwala. Matumba asanjidwe pamitengo, osakhudza pansi kapena khoma.

Za munda zikambidwe poyera, khasu lisanalowe m'nthaka. Amfumu ndi akuluakulu a banja ayende naye m'malire pamaso pa mboni, pakuti mawu akuti "apa ankalima agogo" adanitsa abale ambiri. Mizere ikhale itatha pofika Okutobala, yotalikirana masentimita 75. Pobzala, phando lililonse lilandire njere imodzi pa masentimita 25. Ngati akukayika, mlangizi wa zaulimi alipo, ndipo uphungu wake ndi waulere.

Chimbudzi chikumbidwe banja lisanalowe m'nyumba, kumunsi kwa chitsime, pamtunda wosachepera mamita 30. Kolera imakonda nyengo ya dzinja.

Chovuta kuchinena, makamaka kwa amalume kapena achemwali aakulu, n'cha kukhala ndi anthu. Ali m'tauni ankatumiza chipepeso pafoni, ndipo zinkakwanira. Kuno anthu amawerenga nkhope: ndani anagona pasiwa, ndani anakumba nawo manda, ndani anaumba njerwa za sukulu. Musadikire kuti amve m'miseche. Tsiku la msonkhano wa VDC mudzereni, mupite naye, mukamuonetse kwa anthu ndi kumulembetsa m'kaundula wa mudzi.