Anasunga mafuta, nataya mphamvu

Mnyamata wina wa ku Chelstone atagula Toyota Corolla yake yoyamba, ya magiya osintha ndi dzanja, anzake a ku ntchito anamulangiza kuti akafuna mafuta azikhalitsa, azithamangira ku giya yachisanu. Malangizowo anamukomera. Boma linali litachotsa thandizo la pa mtengo wa mafuta kumapeto kwa 2021, ndipo mu 2022 bungwe loyang'anira mitengo ya mafuta la ERB linayamba kulengeza mitengo mwezi ndi mwezi. Aliyense woyendetsa galimoto mu Lusaka ankafunafuna njira yopulumutsira kangachepe.

M'mawa uliwonse ankatsata Great East Road, kudutsa Munali, UNZA, Arcades ndi Manda Hill mpaka kukafika ku Cairo Road. Galimoto ikangoti yayenda pang'ono, iye wafika kale pa giya yachisanu. Injini inkanjenjemera, iye n'kumati izolowera. Pamdipiti wa m'tauni vutolo silinkaoneka, chifukwa kumeneko aliyense amangokwawa kuchoka pa maroboti awa kufika pa ena.

Loweruka lina ananyamula azakhali ake, abale ena atatu ndi matumba a ufa, ulendo wa ku Chongwe. Atapitirira mphambano ya ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, anapeza lole ikuyenda pa makilomita 60 pa ola. Anasuzumira, naona basi yochokera ku Chipata ikadali patali. Anatulukira kumanja naponda moto mpaka pansi. Galimoto inangobuula. Liwiro linkakwera pang'onopang'ono, lole ili pambali, basi ikukula m'maso. Kutsogolo kunali kutatsekeka, kumbuyo nthawi inali itatha. Anakhotera kutchire n'kukagwera m'ngalande. Palibe anamwalira, koma azakhali anathyoka mkono, ndipo galimoto inabwerera ku Lusaka chokokedwa.

Makaniko wachikulire wa ku Kabwata anaiyang'ana injini napeza kuti inalibe vuto.

"Mwana wanga, unali mu giya iti?"

"Yachisanu, bambo. Komatu moto ndinauponda wonse."

"Moto unauponda, inde. Nanga mphamvuyo ikanafika bwanji ku matayala? Nati ya tayala ikakanika, timalumikiza paipi yaitali ku sipanala. Dzanja ndi lomwelo, koma nati imamasuka. Giya yotsika ndiyo paipiyo. Iwe unaiponya pansi nthawi imene unkaifuna."

Mkuluyo ankanena zoona, ndipo masamu ake ndi osavuta. Injini imatulutsa mphamvu yopotokola, imene amakaniko amaitcha torque. Magiya amaichulukitsa mphamvuyo posinthanitsa ndi liwiro. Pa galimoto yaing'ono, giya yoyamba imakhala pafupifupi 3.5:1, yachitatu 1.3:1, yachisanu 0.8:1, ndipo giya yotsiriza ya ku matayala imachulukitsanso pafupifupi kanayi. Motero mu giya yoyamba injini imazungulira ka 14 kuti tayala lizungulire kamodzi. Ngati injini ikupereka torque ya 150 Nm, ku matayala kumafika pafupifupi 2,100 Nm. Mu giya yachisanu kumafika zosakwana 500 Nm. N'chifukwa chake galimoto imanyamuka ndi giya yoyamba, ndipo yachisanu ntchito yake ndi kusunga liwiro limene lapezeka kale.

Pa makilomita 60 pa ola, mu giya yachisanu, injini ya mnyamata uja inkazungulira pafupifupi ka 1,700 pa mphindi. Injini zing'onozing'ono za petulo zimapereka torque yonse zikayandikira 4,000. Akanatsikira ku giya yachitatu, injini ikanakwera kufika cha m'ma 2,700, ndipo mphamvu yokankha galimoto ikanawonjezeka kuposa theka. Onjezerani anthu asanu ndi matumba a ufa, pakuti katundu akachuluka mphamvu yomweyo imakankha mochedwa. Onjezeraninso kuti Lusaka ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,300 pamwamba pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake, mwinanso kuposa. Zonsezi zinakumana pa masekondi ochepa aja.

Chizolowezi chofuna kusunga mafutachi chili ndi mbali ina yoopsa. Ena potsika phiri amaika giya pa nyutirali kuti asunge mafuta. Pa zitunda za Manenekera, panjira ya ku Chipata, kapena pa mapiri a Munali, panjira ya ku Mazabuka, kutero ndi kusiyira mabuleki ntchito yonse mpaka atenthe n'kusiya kugwira. Giya yotsika imachititsa injini kugwira galimoto. Komanso injini zamakono zimadula zokha mafuta mukachotsa phazi pa moto galimoto ili mu giya, pamene pa nyutirali zimamwabe kuti zisazime. Phindu limene munthu akulifunalo palibe.

Amene muli ndi galimoto zosintha zokha magiya, zomwe zadzaza m'misewu ya ku Woodlands ndi Kabulonga, musadzione ngati nkhaniyi sikukukhudzani. Mukaponda moto mpaka pansi, galimoto imatsitsa yokha giya, koma imatenga kamphindi. Kamphindi kameneko muzikawerengera musanatuluke mu mzere wanu. Zilembo za L, 2, S kapena B zili pamenepo kuti muzizigwiritsa ntchito pa chitunda ndi pa chitsikwe.

Giya yapamwamba ili ndi malo ake: msewu wosalala, wopanda chotchinga, liwiro litakhazikika. Pamenepo imasungadi mafuta. Koma mukafuna kupitirira galimoto ina, tsitsani giya mukadali kumbuyo kwake, mumve injini ikuyankha, kenako mutuluke. Ngati siikuyankha, khalani kumbuyo kwa loleyo. Mafuta amene mungawononge pa masekondi khumi amenewo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi miyoyo imene mwanyamula.